Mphotho yanga ya uphunzitsi ndaiona pansi pompano

Anthu amakonda kunena kuti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba. Amanena pa maliro a mphunzitsi, amanena pa 5 October tikamakumbukira tsiku la aphunzitsi, ngakhale mu minibasi munthu akangodziwa kuti ndiwe mphunzitsi amayamba kukumvera chisoni nkukuuza mawu omwewo. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo, ndagwira choko kuyambira 1994 ndipo zabwino zimene ndapeza mu ntchitoyi ndazipeza pansi pompano, ndaziona ndi maso angawa, zina mpaka ndaphika nkudya ndi ana anga.

Mavuto sindikukana ayi. Malipiro ndi ochepa, nthawi zina amachedwa, ambiri a ife mwezi ukafika pakati ndiye kuti tayamba kale kulembetsa ngongole mugolosale, ena mpaka kugwa mmanja mwa akatapila. Nyumba za aphunzitsi sizikwana, anzathu ena amachita lendi kutali nkumapalasa njinga mmawa uliwonse ngakhale mvula ikugwa. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60 koma pitani mu Sitandade 1 kumudzi mukawerenge nokha, mukapeza ana opitirira 100 atakhala pansi mothithikana moti kuti ufike kwa mwana wakumbuyo umachita kulumpha miyendo. A TUM, bungwe la aphunzitsi, akamalankhula za zimenezi ine ndimakhala nawo mbali imodzi, chifukwa kukonda ntchito sikugula thumba la feteleza. Nde zimene ndilembe apazi wina asazitenge nkumatiuza kuti khalani chete poti mumasangalala kale. Tikufuna malipiro abwino, ndipo ntchitoyi ndi yokoma, zonse ziwiri ndi zoona.

Mmene ndinalowera ine ndi mmene analowera anthu ambiri a msinkhu wanga. Chisankho cha 1994 chitatha, boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana amene anali osakwana 2 miliyoni anakwera nkufika cha mma 3 miliyoni mu chaka chimodzi chokha. Aphunzitsi kunalibe, nde boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 amene sanapite ku koleji, ena a JCE ena a MSCE, kutiphunzitsa masabata ochepa chabe basi nkutitumiza. Ndinali mtsikana wofuna ntchito, za maitanidwe ndinali ndisanaziganize nkomwe. Kalasi yanga yoyamba inali pansi pa mtengo, bolodi titayedzamiritsa ku thunthu, mphepo ikawomba ana awiri kuligwirira. Mu kalasi imodzimodziyo munali kamwana ka zaka 6 komanso anyamata a zaka 14 amene anali asanapondeko pa sukulu chifukwa makolo awo analibe ya fizi, ena aatali kuposa ine, atakhala pansi manja ali pa mawondo akudikira kuti ndiwauze chinachake. Patapita nthawi ndinapita ku Kasungu TTC pa pulogalamu ya MIITEP, yophunzitsa ife amene tinayamba ntchito tisanapite ku koleji, miyezi itatu ku koleji kenako kubwerera ku sukulu ndi mabuku owerenga wekha, masemina ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a mu zoni, a PEA, alangizi a maphunziro, kubwera kudzatiyendera. Kumeneko nkumene ndinaphunzira za TALULAR, kuti zitsekerero za mabotolo, timitengo, nthanga za maungu ndi makatoni otayidwa kumsika zonsezo ndi zipangizo zophunzitsira, mpaka lero sindingadutse katoni yabwino osaitola.

Koma chimene chinandigwira mtima mpaka kukhalitsa chonchi ndi chimodzi, kuona mwana akuwerenga koyamba. Amene simunaphunzitseko makalasi apansi mwina mumaganiza kuti zimabwera pang'onopang'ono mosaoneka, ndipo nzoona kuti ntchito yake ndi ya miyezi, koma pamakhala tsiku lenileni, mphindi yeniyeni imene zimatseguka ndipo ngati uli pafupi umaziona pa nkhope.

Panali mnyamata wina amene ankabwereza Sitandade 2, ankakhala ndi agogo ake, masiku ambiri ankajomba chifukwa chopita koweta mbuzi. Malembo ankawadziwa onse, a e i o u ankayimba mokweza kuposa anzake, maphatikizo ukamulozera limodzilimodzi ankatchula bwinobwino, koma ukawayika pamodzi kuti apange mawu ankangoyang'ana pansi nkumakanda dothi ndi chala. Anzake akaweruka ndinkatsala ndi kagulu ka ana otere pakhonde pa kalasi tili ndi timakadi todula ku katoni. Tsiku limenelo ndinamuyikira titatu pansi, ma, la, ya. Analoza koyamba, ma. Kachiwiri, la. Kachitatu, ya. Ndinati bwereza koma usapume pakati. Anabwereza, akadali kudukiza. Ndinati bwerezanso, thamangako pang'ono. Nde anati malaya, nkukhala chete, pakamwa pali yasa, kenako anagwira kolala ya malaya ake ong'ambika aja nkuikoka kuti aione, nkuyang'ananso timakadi tija, nkundiyang'ana ine. Sindinalankhule kanthu. Iye yekha anatambasula dzanja, kuchotsa ka ma kaja, kusinthanitsa tiwiri totsalato, nkuwerenga yala, ndiye kuseka kwake ana ena onse anadzuka kudzaona chimene chachitika. Ine pakhosi panali patandithina moti ndinachita kutembenuka ngati ndikufuna choko.

Chichewa chili ndi ubwino woti timalemba mmene timatchulira, nde mwana akangogwira nzeru yolumikiza maphatikizo zinthu zimathamanga. Pamatsala kulimbana ndi aja ovuta, mb, nd, ng', mph, nkh, ntch, koma amakhala atalawa kale ndipo sumukakamizanso. Mnyamata uja anayamba kuwerenga chilichonse chimene wakumana nacho, thumba la feteleza, zolemba pa khoma la chigayo, pepala lokulungira usipa. Pasanathe mwezi agogo ake anafika kunyumba kwanga mmawa wa Loweruka atasenza maungu awiri ndi mtolo wa nzimbe, anakhala pansi pa khonde, nditawalonjera anati amadamu, mwana uja mwamuchita chiyani, sakutigonetsa tulo, usiku akumakhala pa moto kuwerenga. Kenako anatulutsa buku lawo la kuchipatala mu kapulasitiki nkundiuza kuti tsiku lokatenga mankhwala wawauza ndi mdzukulu wawoyo, kale ankachita kupita nalo kwa aneba ndipo matenda awo ankadziwika mudzi wonse. Maungu aja tinadya, anali okoma zedi.

Zimenezi zandichitikira ndi ana ambirimbiri ndipo sizinayambe zazolowereka. Kuyambira 2016 pamene inabwera National Reading Programme kaphunzitsidwe kanasintha, tsopano timayambira pa maliwu a malembo, mphunzitsi kuchita yekha, kuchitira limodzi ndi ana, kenako ana kuchita okha, ndipo mabuku anabwera ochulukirapo kusiyana ndi kale pamene buku limodzi ankalimbirana ana khumi. Ine ndimaikonda njirayi ngakhale mu kalasi ya ana ochuluka nthawi imathera pa kugawa ndi kutolera mabuku. Koma nkhope ya mwana pa mphindi ija siinasinthe, ya 1996 ndi ya chaka chino ndi imodzimodzi.

Anthu akamakamba za chimwemwe cha mphunzitsi amathamangira pa zotsatira za mayeso, ndipo inde tsiku limenelo ndi lalikulu. Ndaphunzitsako Sitandade 8, ndikudziwa mmene zimakhalira, kufika kusanache, kuweruka dzuwa litapendeka, holide osaidziwa, kenako MANEB ikatulutsa zotsatira za PSLCE mtima uli mmwamba. Kale tinkadikira ahedi abwere ndi mapepala kuchokera ku zoni, pano mndandanda umangofika pa WhatsApp aliyense nkumakuza ndi zala kufunafuna dzina la sukulu yake. Mwana wako akasankhidwa kupita ku sekondale ya nashonolo, tinene Dedza Government kapena Blantyre Secondary, mudzi wonse umadziwa tsiku lomwelo, amayi nthungululu, iwe mapazi osagunda pansi. Ngakhale wa ku CDSS yapafupi timamusangalalira ndithu. Ena mwa ana amenewo lero ndi manesi, apolisi, aphunzitsi anzanga, wina ali ku Johannesburg amandiyimbira foni pa Khirisimasi, wina anandipeza pa Facebook nkunditumizira chithunzi atavala gawuni.

Komatu malo ku sekondale ndi ochepa, ndipo ana ambiri amene adutsa mmanja mwanga sanafikeko, ena sanafike nkomwe Sitandade 8. Ngati mphotho ikanakhala ya osankhidwa okha bwenzi ntchito yanga yambiri itapita pachabe, koma si mmene ndimaonera, ndipo amene anandithandiza kuona bwino ndi mayi wina wa mu gulu lathu la banki mkhonde.

Ameneyu ndinamuphunzitsa ali kamtsikana, analekezera Sitandade 7 bambo ake atamwalira, anakwatiwa mmudzi momwemo, pano amagulitsa tomato ndi mandasi. Gulu litamusankha kukhala mlembi, tsiku loyamba ndinakhala pafupi naye pa mkeka. Anatsegula hadikava yatsopano, kutenga rula, kujambula mzere wa mmbali kuchokera pamwamba mpaka pansi, kulemba deti pamwamba kudzanja lamanja nkulidula mzere kunsi, kenako mizere ya mayina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja. 7 wake amamudula pakati. Ndi mmene ndimalembera ine pa bolodi, ndi mmene ndinkawakakamizira kuti azilembera mu makope awo iwo nkumadandaula kuti amadamu ndi ovuta. Amayi oposa makumi awiri amaika ndalama zawo mu bokosi chifukwa amakhulupirira dzanja la mayi ameneyu, pa December pogawana amawerengera aliyense zake pamaso pa onse mopanda kusokoneza, ndipo sipanayambe pabuka mkangano pa buku lake. Tsiku lina ndinamuuza kuti mayi a uje, kalembedwe kanuka ndikukadziwa, anaseka nkubisa nkhope mu chitenje, amvekere nanga si munkatibweza kope likakhala lopanda mzere. Palibe satifiketi imene ili ndi dzina lake, ku ofesi ya maphunziro iye amawerengedwa mgulu la osiyira panjira, koma masamu amene amadyetsa ana ake anawatenga mu kalasi mwanga ndipo ine ndimanyadira mofanana ndi mmene ndimanyadira wa gawuni uja. Chimodzimodzi kalipentala amene amayeza thabwa ndi tepi nkulemba masentimita pa khoma, mlimi amene amawerenga yekha malangizo pa botolo la mankhwala a mbewu, mayi amene amatha kuona pa foni kuti ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zalowa zingati osapusitsidwa ndi munthu.

Nkhani ya atsikana ndiye imandikhudza mwapadera. Lamulo loti mtsikana amene watenga mimba akhoza kubwerera ku sukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, koma lamulo kukhala pa pepala ndi zina, mwana kubwereradi mu kalasi anzake akumunong'ona ndi zinanso. Amene amagwira ntchito yeniyeni ndi amayi a mother group pamodzi ndi ife aphunzitsi achizimayi, kuyenda khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi makolo amene alandira kale za chikwati, kupempha agogo kuti azisunga khanda mmawa. Zinayamba kupepukako pamene mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anayamba kuthetsa maukwati a ana poyera, komanso mu 2017 malamulo aakulu a dziko atasinthidwa kuti munthu asalowe mbanja asanakwane zaka 18. Mtsikana wina amene tinamubweza choncho ankabwera ku kalasi mkaka ukudontha pa yunifolomu, pa buleki kuthamangira kunyumba kukayamwitsa, ndinkamusungira kansalu mu kabati kuti azidziphimba. Analemba mayeso, anapita ku CDSS, lero ndi wa zaumoyo, ndi amene amayeza ana ku sikelo ndi kupereka katemera mmidzi ya kwathu kuno. Mdzukulu wanga anamubaya katemera ndi iyeyo ine nditamugwirizira mwanayo pamiyendo, akundilangiza kuti amadamu thupi likatentha usiku musadandaule. Ndinamvera malangizo ake onse.

Palinso ulemu umene mphunzitsi amakhala nawo pakati pa anthu, makamaka kumudzi, umene sungauone pa pepala la malipiro. Mafoni asanachuluke ndinkalembera anthu makalata opita kwa amuna awo ku Joni ndi kuwawerengera mayankho, nkhani za mmabanja zimene mpaka lero zili mumtima mwanga. Pa maliro amakupempha kulemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu, kutchalitchi ulembi umagwera iwe, nthawi ya chisankho kapena kalembera ngati wa 2018 aphunzitsi ambiri ndi amene timakhala pa matebulo ndi kuyenda mmakomo chifukwa anthu amatidziwa. Ndi ntchito zowonjezera inde, koma zimakupangitsa kukhala munthu wa pamalopo ngakhale kwanu kuli kutali. Bambo a kunyumba atadwala mwadzidzidzi pakati pa usiku, amene anabwera ndi njinga yamoto kuwatengera kuchipatala anali mnyamata wa kabaza amene ndinamuphunzitsa Sitandade 3, anadikira panja mpaka kucha, ndalama anakana, mafuta okha ndinachita kumuumiriza. Kumsika wogulitsa nsomba amakuikira basera asanakufunse nkomwe kuti mukundikumbukira amadamu, ndipo nthawi zambiri nkhope imakhala yasintha, ndevu zamera, koma akangotchula chaka ndi pamene ankakhala mu kalasi zonse zimabwerera, mpaka dzina la mnzake amene ankakhala naye pafupi.

Kuti ntchitoyi inandilowa mmagazi ndinazindikira bwino nthawi ya Covid. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 ndinaganiza kuti ndipumako, ndilime dimba langa bwinobwino, koma pofika mwezi wachiwiri ndinkadzuka mmawa nkumamvetsera ngati belu lilira, bwalo la sukulu udzu utamera, zii. Kenako ana oyandikana nane anayamba kubwera okha ndi makope awo, awiri, mawa asanu, kuyima patali pa mpanda nkumati amadamu tipatseniko masamu. Ndinkawalembera pa chitseko chakale ndi makala, atakhala motalikirana pansi pa mtengo wa mango. Palibe anawatuma, palibe mayeso amene ankawadikira sabata imeneyo, ankangofuna kuphunzira basi ndipo anadziwa khomo loti agogode. Titatsegulira chakumapeto kwa chakacho mipando ina inali yopanda eni, atsikana ena anali atakwatiwa, ndiye ntchito yoyenda mmakomo ija inayambiranso, ena tinawapeza ena ayi, ndipo amene sitinawapezewo mayina awo ndimawakumbukirabe.

China chimene anthu satchula nchoti mphunzitsi sukalamba msanga mmutu. Ana amafunsa mafunso amene akuluakulu anasiya kufunsa, chifukwa chiyani mwezi umatitsatira tikamayenda, nyerere zimagona kuti, bwanji Chingerezi chimalembedwa zina nkuwerengedwa zina. Umapita kunyumba ukuganizira, kufunsa anzako mu sitafu, pano kufufuza pa intaneti bandulo ikakhalapo. Anzanga ena anapitiriza maphunziro ku Domasi College of Education nkukhala aphunzitsi a sekondale, ndinawasangalalira, ine mtima wanga unakhazikika ku ana aang'ono. Ndipo kuseka, abale, sindikudziwa ntchito ina imene munthu amaseka tsiku lililonse ngati iyi. Ukhoza kuchoka kunyumba utakhumudwa, ufa watha, mwana wako wabwezedwa fizi, koma ukalowa mu kalasi tiana tija nkuyimirira tonse pamodzi kukupatsa moni mokoka mawu, kena kataiwala kapu ya phala pamutu, kena kakukuwonetsa dzino limene lagweruka usiku, pofika nthawi ya buleki mtima umakhala utatsika.

Kwa inu achinyamata amene mwamaliza IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale, ku makoleji a Machinga, Karonga, Phalombe, St Joseph's kapena kwina kulikonse ndipo mukudikirabe kulembedwa ntchito, ena mukugwira ngati ogwirizira pa ndalama yochepa, ndikudziwa kuti kudikirako nkowawa ndipo sindingakuuzeni kuti musadandaule. Ndingopempha chimodzi, tsiku limene mudzafike pa sukulu yanu ahedi nkukupatsani Sitandade 1 kapena 2, musadzaone ngati akupeputsani. Pali maganizo oti mphunzitsi wanzeru ndi wa Sitandade 8 ndipo makalasi apansi ndi a amayi okalamba oyimbitsa nyimbo, maganizo amenewo ndi olakwika ndipo atiwonongera ana ambiri, paja akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mwana amene wafika Sitandade 5 osatha kuwerenga Chichewa, pamene maphunziro onse asinthira mu Chingerezi, amangokhala mlendo mu kalasi mpaka tsiku limene adzatope nkusiya. Wa Sitandade 8 amakolola zimene wa Sitandade 1 anagwira, kungoti pa tsiku la zotsatira amene amanyamulidwa mmwamba ndi mmodzi.

Dziwani mayina a ana anu ngakhale ali 120, zimatheka, yambani ndi aja okhala kumbuyo amene salankhula. Sungani makatoni. Pezani ka nthawi anzawo akaweruka kokhala ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akutsalira, chifukwa mu chigulu muja mwana wotere amangotsegula pakamwa kutsatira anzake ndipo ukhoza kutha teremu yonse ukuganiza kuti akuwerenga.

Ine zaka zopuma pa ntchito zikuyandikira, ndipo ahedi anandifunsa ngati ndingafune kalasi ya ana ochepa kuti ndizipumako. Ndawathokoza koma ndapempha kuti teremu ikubwerayi andisiyire Sitandade 2 yomweyo, muli ana angapo amene akwera kuchokera mu Sitandade 1 akudziwa malembo koma asanayambe kulumikiza, mayina awo ndatenga kale kwa mphunzitsi wawo wakale ndipo timakadi ndayamba kudula.